Ngati mukupita ku Hydra pa yoti, fikani dzuwa lisanafike paliwombo

Chibwerereni ku holide ija ya ku Greece anthu akhala akundifunsa zofananafanana, ena akuti kodi zokwera mayotizi si za mabwana okhaokha, ena akuti nanga ku chilumba cha Hydra kuja mumayenda bwanji poti timamva kuti kulibe galimoto. Nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Za ndalama ndinena pang'ono chabe, chifukwa chimene chingakusokonezereni ulendo wa ku Hydra si thumba lanu kwenikweni ayi, ndi nthawi imene mwafika padoko.

Amene anayambitsa zonsezi ndi alamu anga. Iwowa chikhalireni ku UK kuno anagwidwa ndi matenda okonda maboti a matanga mpakana anakaphunzira, ali ndi pepala lija amati RYA Day Skipper. Makampani obwereketsa mayoti ku Greece amafuna munthu mmodzi wa laisensi ndi winanso wachiwiri wodziwako za panyanja woti athandizane naye, nde wachiwiriyo anali mnzawo wa kuntchito. Ngati pagulu panu palibe wa pepala musadandaule, mumalemba ganyu kaputeni kudzera kukampani komweko, kungoti mudziwe kuti ameneyo amatenga kachipinda kamodzi m'botimo ndipo chakudya chake chili pa inu. Mayoti ambiri amabwereketsa Loweruka mpaka Loweruka. Ifeyo tinagawana mtengo wa boti mofanana, kenako aliyense anaponya kangachepe m'thumba limodzi la mafuta, chakudya ndi zolipira pamadoko. Mukagawana choncho sizisiyana kwambiri ndi kugona ku hotela sabata yathunthu, poti botilo ndi lomwe nyumba, ndi lomwenso thiransipoti. Julaye ndi Ogasiti ndi yodula komanso yotentha koopsa, bola Juni kapena Seputembala.

Anzanga a pasipoti ya Malawi, apa mvetsetsani. Greece ili mu Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, ndipo kukhala ndi mapepala okhalira ku UK sikukupatsani ufulu wolowa popanda viza. Viza yake kuyambira mu Juni 2024 ndi mayuro 90 munthu wamkulu, kuphatikizaponso ya ofesi yolandira mafomu ija, ndipo amafuna inshuwalansi ya paulendo yofika mayuro 30,000. Pa funso loti mukagona kuti, pemphani kampani ya boti ikutumizireni pepala la bukingi ndi mndandanda wa anthu okwera wokhala ndi dzina lanu, chifukwa mulibe hotela yoti muonetse. Yambani msanga, madeti a apointimenti nyengo yotentha amatha ngati zitumbuwa.

Tinanyamukira pa Alimos, doko lalikulu la mayoti lomwe lili cha kummwera kwa Athens. Kuchoka pamenepo kulunjika ku Hydra ndi mtunda wa mamailosi a panyanja pafupifupi 35, kutanthauza maola 6 kapena 7 pa liwiro la yoti, nde palibe amene amathamangira komweko tsiku loyamba. Tinagona kaye ku Aegina, kwa mtedza uja wa pistachio, kenako ku Poros kumene boti limadutsa pakampata kopapatiza pakati pa chilumba ndi mtunda moti umaona anthu akumwa khofi pakhonde. Malo abwino onsewo koma si nkhani ya lero. Za nseru ndinene mwachidule: imwani mankhwala ake musananyamuke osati mutayamba kale kumva chizungulire, khalani panja muziyang'ana kutali kumene nyanja yakumana ndi thambo, osamapita kukagona mkati. Kuli mphepo ina yochokera kumpoto amati meltemi imene imalimba mu Julaye ndi Ogasiti. Amene munakwerapo Ilala nthawi ya mwera mukudziwa mmene nyanja imasinthira nkhope pa ola limodzi, ndi zomwezo, kungoti dera limeneli la Saronic ndi lobisalako kusiyana ndi zilumba za kummawa, nchifukwa chake ophunzira kumene amalikonda.

Kuchoka ku Poros kupita ku Hydra ndi maola awiri kapena atatu basi. Alamu anatidzutsa kusanache bwinobwino, ife tikung'ung'udza kuti holide yanji yodzuka ngati tikupita kumunda, iwo amangoti mukaona nokha. Ukamayandikira chilumbacho umangoona phiri la miyala louma, lotuwa, lopanda chilichonse, mpakana umayamba kukaika ngati mapu akunena zoona. Kenako mwadzidzidzi phirilo limatseguka, tauni yonse ili poteropo, nyumba zoyera ndi zamiyala zitasanjikizana kukwera mtunda kuzungulira kadoko, mbali zonse ziwiri za polowera kuli malinga akale okhala ndi mizinga yoloza kunyanja. M'boti monse munangoti zii, aliyense foni m'manja.

Koma kadokoko abale nkakang'ono. Mmenemo muyenera kukwana maboti a asodzi, mataxi a pamadzi, sitima zonyamula anthu zochokera ku Piraeus, doko lalikulu la Athens, boti lobweretsa katundu, kenako mayoti onse amene anthu ake analota za Hydra chaka chathunthu. Palibe zobukitsa malo, wafika wafika. Ife tinalowa cha m'ma 11 mmawa pamene ogona dzulo anali akutuluka, tinapeza mpata pakhoma penipeni. Kaimikidwe kake nkosiyana ndi ka ku UK: umaponya nangula kutsogolo pakati pa doko, kenako nkumabwerera chafutambuyo tcheni chikutuluka mpakana kumbuyo kwa boti kufike pakhoma, wina nkudumpha kapena kuponya zingwe ziwiri kwa munthu wa pamtunda. Ine ntchito yanga inali pa nangula, kudina batani la winchi, makina otsitsa ndi kukweza tcheni. Alamu ali kuchiongolero akukuwa, "Alamu tsitsani! Tsitsanibe! Musaime!" ine mtima uli phaphapha poti mbali zonse kuli maboti a eni ake odula kuposa nyumba. Chinsinsi chake nchoti tcheni chizituluka mosadukiza, ukaimitsa pakati boti limakhotera pa mnzako. Mangani mafenda, zotchinga zofewa zoteteza boti lisakhulane ndi linzake, mbali zonse musanalowe, zingwe zikhale zokonzeka, aliyense adziwiretu ntchito yake, chifukwa mukalowa mulibenso malo oti muzizungulira mukukambirana.

Pofika 3 koloko masana zinali zina. Khoma litadzaza, obwera mochedwa anayamba kuponya anangula awo nkumangirira kutsogolo kwa maboti athu, mzere wachiwiri, kenako wachitatu. Ndi mmene zimakhalira ku Hydra nyengo ya alendo ndipo palibe amene angakuletse kapena amene ungamuletse. Ndekuti anthu a mzere wachitatu akafuna kupita kumtunda amadutsa pa boti la mzere wachiwiri kenako pa lanu. Ambiri ndi aulemu, amavula nsapato, amapereka moni, amadutsa m'mbali osasuzumira mkati. Koma usiku wake ena anabwera 2 koloko atakhuta vinyo, kugwa pa zingwe, kuseka, mapazi dididi pamwamba pa mutu wanga penipeni. Onjezani mafunde a sitima zikamalowa ndi kutuluka, maboti onse amavina nkumakhulana. Ngati ndinu a tulo topepuka tengani zotseka m'makutu. Ndipo ngati zanyengo zikunena kuti kubwera mphepo yamphamvu ya kumpoto, musagone mmenemo nkomwe, dokolo linayang'ana kumpoto ndipo mafunde amalowa mwachindunji, maboti atamangana mizere itatu simungathawe ngakhale mutafuna.

Mmawa ndi pamene pamakhala sewero lenileni, moti anthu amakhala m'malesitilanti a m'mbali mwa doko ndi khofi wawo kumangoonerera. Anangula onse aja anaponyedwa pamalo amodzi, matcheni apingasana pansi pa madzi. Wa pakhoma sungachoke mpakana a kutsogolo kwako achoke, nde osapanga pulani yonyamuka 7 koloko. Itafika nthawi yathu, ndikukweza nangula ndinamva winchi ikulira mwachilendo, kusuzumira ndikuona nangula wathu watuluka atakola tcheni cha boti lina, chonenepa, cholemera moti mutu wa boti lathu unatsikira m'madzi. Mwini wake ali uko akukuwa m'chinenero chake manja m'mwamba. Mnzawo wa alamu uja sanatekeseke, anagona chafufumimba kutsogoloko, anapisa chingwe pansi pa tcheni chija nkumanga nsonga zonse ziwiri pa boti lathu kuti kulemera kukhale pa chingwe, kenako anati nditsitse nangula pang'ono. Nangula anamasuka, tinamukokera pambali nkumukweza, iye anamasula nsonga imodzi ya chingwe tcheni chija nkubwerera pansi chokha. Nkhani ya mphindi zochepa. Chingwecho chikonzeretuni musanayambe kukweza, ndipo zala zanu zisayandikire pakati pa tcheni ndi chitsulo, zimenezo zimadula chala ngati chinangwa chofewa. Osakwiya, osabwezera kukuwa, mawa lake wokola mnzake akhoza kukhala iyeyo.

Amene simukufuna chipwirikiti chimenechi njira zilipo. Chakummawa pang'ono kuli kagombe kotchedwa Mandraki kumene mumaponya nangula nkumangirira chingwe chachitali kumiyala, kuchokera kumeneko mutha kuyenda wapansi m'mbali mwa nyanja mwina theka la ola kapena kuitana taxi ya pamadzi. Ena amasiya yoti ku Ermioni, tauni ya kumtunda tsidya lina la Hydra, kapena ku Poros nkukwera sitima ya anthu kukacheza tsiku limodzi. Ine ndikanati mugoneko ndithu usiku umodzi mkati mwa doko ngati nyengo ili bwino, chifukwa tauniyi imakoma madzulo alendo a tsiku limodzi atapita ndi mmamawa asanabwere. Masana pakati pamakhala anthu ngati pamsika.

Za galimoto nzoona, kulibe. Njinga yamoto kulibe, ngakhale yakapalasa siloledwa. Zimene ndinaonako ndi kalole kotola zinyalala basi. China chilichonse chimayenda pamsana pa abulu ndi nyulu, kapena pangolo yokankha ndi manja, kapena pamadzi. Mmawa boti la katundu likafika pitani mukaime pafupi muone. Ndinaona bambo wina akumangirira mashini ochapira zovala pamsana pa nyulu, mbali inayo anaikako mabotolo a madzi kuti kulemera kufanane, anakoka chingwe ndi mano kwinaku akuyankhula pafoni yopanikiza ndi phewa, atatha anangomenya kakhofi pang'ono pambuyo nyulu nkuyamba yokha kukwera masitepe ngati ikudziwa nyumba yake. Simenti, matailosi, masutikesi a alendo, makatoni a mowa, zonse choncho. Zokwera bulu kuti mujambulitse ine sindinazikonde, nyamazo zili kale ndi ntchito yokwanira padzuwa limenelo, koma zimenezo aliyense ndi mtima wake. Nsapato tengani zogwira pansi, miyala ya m'misewu inasalala ndi mapazi a zaka mazana ndipo imaterera ngakhale kuli kouma. Amphaka ali paliponse, onenepa, osaopa munthu.

Funso limene linandivuta nditakhala pansi linali loti, pachilumba chouma chonchi, chopanda minda, chopanda mtsinje, nyumba zikuluzikulu zamiyala zosanja katatu kanayi zinachokera kuti? Yankho lili mu myuziyamu ya Historical Archives yomwe ili pafupi ndi pamene sitima zimaima, ndipo ndikukupemphani musaidumphe ngakhale muli anthu osakonda zakale. Anthu a pa Hydra poti nthaka sinkawapatsa kanthu anatembenukira kunyanja, nkukhala amalonda a zombo. Nthawi ya nkhondo za Napoleon, Angerezi atatseka madoko a France ndi Spain, zombo za pa Hydra zinkazemba nkukagulitsa tirigu kumeneko pamtengo wokwera, ndalama zake ndi zimene zinamanga nyumba zimenezi. Tsono mu 1821 Agiriki ataukira ulamuliro wa Ottoman, ufumu wa anthu a ku Turkey, mabanja omwewa anasandutsa zombo zawo zamalonda kukhala zankhondo, pamodzi ndi anzawo a ku Spetses ndi Psara. Lazaros Kountouriotis, amene anali wolemera kwambiri pachilumbapo, anathira chuma chake chochuluka pankhondoyo. Nyumba yake yachikasu ija imaoneka pamtunda ukakhala padoko, pano ndi myuziyamu, ndipo kukwera kukafika kumeneko ndi thukuta koma mukaona doko lonse pansi panu ndi chipwirikiti cha mayoti chija chikuoneka ngati masewera a ana. Mdzukulu wa m'banja lomwelo, Pavlos Kountouriotis, anadzakhala pulezidenti wa Greece mu 1924.

Koma dzina limene mulimve kwambiri ndi la Andreas Miaoulis, mkulu wa zombo zankhondo za Agiriki, chiboliboli chake chili pa linga la polowera padoko. Njira yawo yomenyera zombo zikuluzikulu za Ottoman inali yoopsa: ankatenga chombo chakale nkuchidzaza onga, phula ndi zinthu zoyaka, anthu ochepa nkuchiyendetsa mpakana kuchikoletsa pa chombo cha adani, kuyatsa, nkuthawa pa kaboti kakang'ono kamene amakoka kumbuyo. Ine amene ndinali nditangovutika kuimika yoti ya injini padoko lopanda mdani ndinaima pa zithunzi zimenezo nthawi yaitali. Miaoulis anamwalira mu 1835 ndipo mtima wake, mtima weniweniwo, anauika m'chikho chasiliva chimene chili mu myuziyamu momwemo. Mlamu wanga wamkazi atamva zimenezo anangoti "ayi zikomo" nkutuluka kukadikira panja. Chaka chilichonse kumapeto kwa Juni amachita chikondwerero chotchedwa Miaoulia, amaotcha chombo choyerekezera panyanja ndi makombola a moto kumwamba. Ngati mukufuna kuonera konzekani kuti malo padoko masiku amenewo ndi maloto, bola kubwera pa sitima. Lero anthu okhazikika pachilumbachi ndi pafupifupi 2,000 okha, malonda a zombo za matanga atatha chifukwa cha sitima za nthunzi anthu ambiri anasamuka, nchifukwa chakenso tauniyi inatsala mmene inalili osagumulidwa.

Amene muli ndi miyendo, kwerani ku nyumba ya amonke ya Profitis Ilias pamwamba pa tauni. Ndi ola limodzi ndi theka kapena awiri kukwera kokhakokha, poyamba masitepe a m'tauni kenako njira ya m'mitengo ya paini. Nyamukani 6 koloko mmawa ndi madzi okwanira, mukanyamuka 10 mukabwerera panjira. Kumeneko nkumene Theodoros Kolokotronis, mkulu wankhondo wotchuka uja, anatsekeredwa mu 1825 ndi Agiriki anzake omwe pamene anayambana okhaokha nkhondo ili mkati, ndale sizinayambe lero. Valani zotseka mapewa ndi mawondo polowa. Opirira amapitirira mpaka pansonga ya phiri la Eros, pafupifupi mamita 590, ine ndinathera pa amonke pomwepo ndipo sindikudandaula. Mukakhala kumtundako osayatsa chilichonse, ngakhale fodya. Mu Juni 2024 nkhalango ya paini ya pachilumbachi inapsa ndi moto umene akuti unayamba ndi makombola oponyedwa kuchokera pa yoti ina, anthu ogwira ntchito pa yotiyo anamangidwa, nde eni dera akaona anthu a mayoti akusewera ndi moto sakhala ndi nthabwala.

Madzi ndi nkhani ina. Nyumba zakale zili ndi zitsime zosungira madzi a mvula pansi pake chifukwa chilumbachi nchouma, nde musayembekezere kudzadzazira matanki a boti kumeneko kapena kutsuka boti ndi payipi. Dzazani ku Poros musanabwere, magetsi a pakhoma musawadalirenso, makamaka mukakhala mzere wachiwiri. Kusamba m'boti ndi kunyowetsa thupi, kutseka mpopi, sopo, kutsegula pang'ono, basi. Ndipo pepala la kuchimbudzi siliponyedwa m'chimbudzi, m'boti ngakhale kumtunda, pali kabini kake pambali. Zimanyansa tsiku loyamba kenako umazolowera, kusiyana ndi kuti chimbudzi cha boti chitsekeke muli anthu asanu ndi atatu.

Kosambira kulibe mchenga ngati wa ku Senga Bay, osayembekezera zimenezo. Pafupi ndi doko pali malo otchedwa Spilia, ndi miyala ndi simenti ndi makwerero achitsulo otsikira m'madzi, ndipo ukangotsika ndi pakuya pomwepo, palibe zoyenda pang'onopang'ono madzi akufika m'mawondo. Osadziwa kusambira valani jekete yoyandamitsa ya m'boti, palibe amene akusekeni. Madzi amchere amakunyamula mosavuta koma amawawa m'maso, ndipo pamiyala pali tinthu takuda taminga, mukaponda holide yathera pomwepo, nde nsapato za m'madzi nzofunika. Madzulo yendani njira ya m'mbali mwa nyanja kupita ku Kamini, mphindi 20 zokha, kadoko ka asodzi kabata, mukapitirira mufika ku Vlychos. Chakudya kumeneko ndi m'tinjira ta kuseri chinali chotsikirako mtengo kusiyana ndi pamzere wa kutsogolo kwa doko, pamene umalipira mpando ndi maonekedwe. Nsomba zambiri amagulitsa pa kilo, nde funsani kuti iyezedwe muone mtengo isanapite pamoto, mukapanda kutero bilu idzakudzidzimutsani. Ife tinkaitanitsa mbale zingapo pakati nkumadyera limodzi, saladi ya tomato ndi tchizi cha feta, tinsomba tating'ono tokazinga tokhala ngati usipa, nyama yootcha, buledi. Lawaninso timaswiti ta maalimondi totchedwa amygdalota, nta pomwepo, totsekemera kwambiri moti tiwiri takwana. Khadi imagwira malo ambiri koma sungani mayuro a m'manja a taxi ya pamadzi ndi a mwini nyulu ngati muli ndi katundu wokwera naye mtunda.

Pobwerera kumbukirani kuti ngakhale bukingi imati Loweruka, makampani ambiri amafuna boti lifike pa Alimos Lachisanu madzulo, thanki ya mafuta itadzazidwa, ndipo amatumiza munthu wolowa pansi pa madzi kukaona ngati munagunda mwala. Nde Hydra muiike pakati pa sabata, Lachiwiri kapena Lachitatu, osati Lachinayi, chifukwa ulendo wobwerera ndi wolunjika kumpoto ndipo meltemi ikadzuka mudzakhala mukulimbana nayo maso ndi maso tsiku lonse. Ife tinachoka ku Hydra nkukagona ku Ermioni kumene tinapeza madzi ndi malo okwanira, kenako tinakwera pang'onopang'ono kudzera ku Poros. Dipoziti yathu anatibwezera yonse.